Kartushu wa abambo ndi fodya wa azakhali

Achimwene,

Landirani moni kumeneko ku Joni. Kuno ku Domwe tonse tili bwino, ndipo chifuwa cha amayi chija chinatha.

Nguluwe ija inkatimalizira chimanga yafa. Paja chiyambire nkhondoyi kukantina sagulitsanso makartushu a mfuti, ndiye abambo akawombera amatola amkuwa aja n'kuwadzazanso okha. Onga amathira pang'ono, akuti wambiri umang'amba mkuwa ndi kudya mpope wa mfuti. Komabe onse anang'ambika m'kupita kwa nthawi, kunatsala mmodzi yekha. Tsiku loti am'dzaze, kartushuyo anasowa.

Tinasesa nyumba yonse, abambo mpaka anakana kudya. Madzulo azakhali anabwera kudzawapepesa. Atakhala pamphasa anamasula mfundo ya nsalu yawo, n'kutulutsa kartushu yemwe uja, wotseka ndi kamtengo. Anagogoda fodya pachikhatho n'kununkhiza, mtima uli m'malo.

"Alongo, kartushu ameneyo mwamutenga kuti?" anafunsa abambo.

"Anangokhala pazenera wopanda kanthu. Nanga inu mwati chasowa n'chiyani?"

Abambo anaseka mpaka misozi. Anam'tsuka, anam'dzaza, ndipo m'mamawa nguluwe inagwa ndi chipolopolo chimodzi. Azakhali alandira mwendo wathunthu, ndipo akuuza mudzi wonse kuti mfuti inalondola chifukwa cha fodya wawo.

Mukamatumiza katundu, chonde muikemo kachitini kosungira fodya. Dzulo ndawaona azakhali akusuzumiranso pazenera paja.

Mulungu akusungeni m'migodimo.

Ndine mlongo wanu,
Rozina