Tsiku Limene Alamu Sinalire

Lolemba, 2 Juni

Yaliranso. Kasanu lero, akutero. Ine sindinamve, ndinali ku shopu, mutu uli pa makina osokera. Pobwera ndapeza kapepala pagalasi lakutsogolo la galimoto: "Chonde aneba, enafe timagona masana." Dzina palibe. Koma wogona masana mumpanda muno ndi mmodzi yekha, Nesi wa khomo lachiwiri, uja amagwira ntchito usiku.

Vuto ndi geti. Lachitsulo, lolemera, ndipo aliyense amangolisiya limenyeke. Likangoti phwa, alamu yayamba.

Sindichotsa. Galimotoyi ndi chokhacho chimene malemu amuna anga anandisiyira. Mayeso oyendetsa pa 27. Ndikakhoza, mayunifolomu a sukulu ndizikasiya ndekha, zosenza mitolo mpaka khosi kuuma zithe. Ikabedwa ndiye ndatha.

Lachitatu, 4 Juni

Wamawaya anadutsa ku shopu kudzandilonjera. Ndi amene anaika alamuyi mwezi watha. Munthu waulemu, nsapato amavula pakhomo, ine amanditchula kuti mayi anga. Ndamuuza za kapepala kaja. Anapukusa mutu. "Alamu yolira kwambiri ndiye alamu, mayi anga. Amene akudana nayo mumuyang'anitsitse."

Mawu amenewo andikhala pamtima tsiku lonse. Ndasoka thumba la malaya chozondoka.

Kafiyuzi kali m'chitini cha mabatani monga mwa nthawi zonse. Nzeru ya malemu imeneyo. Galimoto ikaima, umazula kafiyuzi ka pampu ya mafuta, kakang'ono ngati chikhadabo, basi siingalire injini ngakhale uipemphere. Ankati wakuba alibe nthawi yofufuza kanthu kotere. Sindinauzepo munthu. Wamawaya akamabwera ndimakabwezera msanga, angandiseke kuti ndine wachikale.

Loweruka, 7 Juni

Nesi wandipeza pa chingwe choyanikira zovala. Maso psuu. Akuti dzana anatsala pang'ono kulakwitsa mlingo wa mankhwala a mwana wodwala chifukwa cha tulo. Ndinamva chisoni, sindinama. Kenako funso lija: "Kodi singachepetsedweko? Waya wake amakhala pati?"

Waya wake amakhala pati!

Nesi ndi waya n'zogwirizana bwanji? Ndangoti sindidziwa, n'kutola ndowa yanga.

Madzulo kwabwera mwamuna wamtali wa kapusi kukhomo kwake. Potuluka waima pagalimoto, wasuzumira mkati, wamenya tayala ndi nsapato. Yalira. Iye kuseka. Nesi akuti ndi mlongo wake. Aliyense masiku ano ndi mlongo.

Lachiwiri, 10 Juni

Ku shopu aliyense ndi katswiri. Wina akuti ndizigonekamo galu. Wina akuti ndiike chipewa cha wapolisi pafupi ndi chiwongolero. Mayi wogulitsa zipi akuti mwamuna wake amaphwetsa matayala awiri madzulo aliwonse n'kupopa m'mawa, n'chifukwa chake ali ndi mikono ngati womenya nkhonya. Ndinafuna kugula unyolo wa chiwongolero koma Wamawaya pafoni wati ndisavutike, unyolo amadula ngati ulusi, alamu yake ndi yokwanira.

Wamtali uja anabweranso dzulo. Kuyang'ana kwake komweko.

Ndalemba kalata kwa eni nyumba. Ndi dzanja lamanzere, yopanda dzina. Ndati wa khomo lachiwiri akubweretsa amuna achilendo mumpanda, amazungulira katundu wa anthu, tsiku lina tidzalira. Ndaiponya pansi pa chitseko chawo popita kuntchito. Ndani andiyang'anire ine? Ndili ndekha.

Lachinayi, 12 Juni

Zandibwerera. Eni nyumba andiimitsa pageti: alamu ichepe, apo ayi galimoto ikagone kunja kwa mpanda. Za kalata sanatchule. Angondiyang'ana nthawi yaitali.

Ndaitana Wamawaya. Wabwera msanga, nthochi m'manja. Wati chofunika kukonza ndi karimoti, watenga pamodzi ndi kiyi kuti akayesere kumalo kwake. Wafunsa nthawi imene ndimachoka, imene ndimabwera, ngati masana mumpanda mumakhala anthu, kuti asadzasokoneze aneba poyesa. Kuganizira anthu kotere! Ndamuuza kuti mumakhala Nesi yekha, naye amakhala ali mtulo.

Lachisanu, 13 Juni

Kiyi ndi karimoti zabwera. Ya ntchito wakana kulandira. Atapita ndazulanso kafiyuzi kanga mwakachetechete.

Geti lamenyeka, yalira chimodzimodzi. Akuti adzamaliza sabata ya mawa.

Lolemba, 16 Juni

Nesi sakundipatsa moni. Kapena ndine amene sindikumupatsa, sindikudziwanso. M'mawa ndamva eni nyumba akulankhula pakhomo pake, mawu otsika. Iye anangoti, "Ine? Amuna ake ati?" Ndatseka zenera.

Pachitseko cha galimoto pali kamzere. Kanalipo kale kapena ayi? Ndayeza ndi tepi, ndalemba kutalika kwake. Mawa ndiyezanso.

Malemu akanati ndapenga. Ndawasowa lero, kuwasowa kwenikweni.

Lachitatu, 18 Juni

Ndilembe bwinobwino.

Cha m'ma 11 foni, nambala yachilendo. Mawu a Nesi: "Aneba thamangani, galimoto yanu!" Ndinasiya diresi la mwini pansi pa singano. Njira yonse ndikuti ndinanena ine, ndinanena ine, watenga ndi mlongo wake uja, tsopano akufuna kudziyeretsa.

Pofika, anthu mbwee pageti. Geti lokhoma ndi loko. Galimoto ili pakati pa bwalo, yapenya kugeti, zitseko pululu. Pansi pakhala munthu, akalipentala a kuseri kwa mpanda amugwira malaya. Nsapato imodzi yavuka.

Wamawaya.

Sanandiyang'ane. M'thumba mwake apezamo kiyi wosula ndi karimoti kena kofanana ndi kanga. Anali ndi mnzake, koma iyeyo analumpha mpanda n'kuthawa. Akuti anazimitsa alamu ali kunja, n'kulowa, n'kupotokola kiyi mpaka batire kufooka, injini osalira. Ndiye anayamba kukankha. Kafiyuzi kali phee m'mabatani mwanga.

Ndinamufunsa Nesi kuti anadziwa bwanji, poti amakhala ali mtulo. Anayankha ali chiimire, chitenje chokha, wopanda nsapato:

"Geti linamenyeka, ine mtulo momwemo ndakunga thupi kudikira chinthu chanucho. Osalira. Ndadikira, osalira. Mwezi wathunthu sichinaphonyepo. Chete ameneyo ndi amene anandidzutsa."

Anasuzumira pazenera, n'kuzemba kuseri kwa nyumba, n'kukhoma geti, kenako kukuwa. Nambala yanga anaitenga pa chikwangwani changa cha zosoka chili pakhomo.

Wamawaya apolisi amutenga. Nthochi zake ziwiri zikadali patebulo. Ndataya.

Lachinayi, 19 Juni

Sindinapite kuntchito. Tsiku lonse kupolisi. Akuti si galimoto yoyamba. Amaika alamu yolira ndi mphepo yomwe, aneba atope, mwini amuitanenso n'kumupatsa kiyi ndi manja awiri. Ine ndinawonjezera ndi tiyi.

Wamtali uja ndi mlongo wakedi. Ndi dalaivala wa ambulansi, anabwera kupolisi kudzamutenga Nesi. Wati matayala anga akutsogolo atha, ndisapite nawo ku mayeso. N'zimene ankayang'ana.

Manyazi.

Loweruka, 21 Juni

Ndamusokera Nesi makatani ochindikala, akuda, oti masana azikhala ngati usiku. Ndamaliza m'mawa uno, ndapita nawo.

Chitseko chotsegula. Makatoni pabalaza. Mbale zokulunga m'manyuzipepala.

Eni nyumba anamuuza Lolemba lija kuti pakutha pa mwezi atuluke. Wina anawalembera kalata kuti amabweretsa amuna. Anapita kukadandaula pambuyo pa za Lachitatu, koma akuti nyumba analonjeza kale munthu wina. Kumene wapeza n'kutali ndi chipatala, mabasi awiri.

Makatani analandira, anawasisita, anati ndi okongola. Kenako: "Chimene chikundiwawa si nyumba, aneba. Zaka zinayi mumpanda muno, sindikudziwa amene ndinamulakwira. Inu simunamveko?"

Ndinati ayi.

Ndinati ayi! Pakamwa panga pomwepa.

Anandipempha ngati ndikakhoza pa 27 ndingamunyamulireko katundu. Akuti amandikhulupirira ine kuposa a matola.

Kope limene ndinang'ambamo pepala la kalata ija ndi lino. Pong'ambika pake pakuoneka pakati apa. Kwa eni nyumba nyale ikuyaka, kwa Nesi ndikumva akumata makatoni. Sindikudziwa khomo loyambira. Ndavala nsapato.

Wina wamenyetsa geti. Alamu sinalirenso kuchokera Lachitatu lija. Zii.