Anavomera Kanyera Pofuna Kundibisa Ine

Aphungu,

Kalata iyi ndaiyamba katatu, katatu konse ndaing'amba. Ulendo uno nditumiza ngakhale ikhale yokhotakhota, chifukwa Lolemba likubwerali ndikuyenera kukayankha adokotala ndipo mutu wanga waima. Maina ndasintha, koma nkhaniyi ndi yanga ndithu.

Ndine bambo wa zaka 36. Ndimakhala ku Chileka ndipo ndimagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu ku bwalo la ndege. Mkazi wanga ndi Maness, kwawo ndi ku Lirangwe. Takhala m'banja zaka zinayi, mwana tilibe. Chaka chatha Mulungu anatikumbukira, Maness anaima. Mimba ili ndi miyezi itatu ine ndinadwala matsagwidi, matenda a ana aja, mpaka anzanga kuntchito kumandiseka kuti ndabwerera ku sitandade wani. Koma kwa ine sanathere m'masaya. Anatsikira kumusi, mukudziwa kumene ndikunena, ndinatupa mbali zonse ziwiri moti sabata ziwiri ndinkayenda ngati bakha. Ndisanachire bwinobwino, Maness anapita padera.

Kuchokera pamenepo thupi langa silinabwererenso. Ine amene ndinkasenza masutikesi awiri nthawi imodzi ndinayamba kupumira panjira ndi sutikesi imodzi. Mapewa anaphwa. Ndevu zimene ndinkameta Loweruka lililonse zinayamba kutha mwezi osaoneka. Ndikaweruka ndinkangokhala pakhonde kuothera dzuwa ngati nkhalamba, ndipo kutchalitchi kwaya ikaimba misozi inkangotuluka yokha. Za kuchipinda ndiye zinatheratu, chilakolako chenichenicho chinachoka. Maness ankati, "Musadandaule bambo, tonse tili pa chisoni, zibwerera." Sizinabwerere. Kuyambira tsiku limene anapita padera mpaka lero, ine ndi iye sitinakhalepo malo amodzi ngakhale kamodzi. Mawu amenewa muwagwire, chifukwa mlandu wanga wagona pamenepa.

Tsiku lina achemwali anga a Ellen anabwera kuchokera kumudzi kwathu kwa Kuntaja, anandipeza ndili padzuwa paja. Anandiyang'ana mikono, anandiyang'ana zikhadabo, basi anaomba m'manja n'kutembenukira kwa Maness. "Kanyera uyu! Alamu, munawalowetsa m'nyumba achimwene musanayere. Mukufuna kutiphera munthu?" Anakauza amayi, ndipo sabata isanathe ndinali kwa sing'anga. Sing'angayo ananena zomwezo, nawonjeza kuti mankhwala ake sagwira pokhapokha mkaziyo avomere ndi pakamwa pake pamaso pa ankhoswe.

Tinakhala pa mkeka Lamulungu masana, kuseri kwa nyumba ya amayi. Kuchikazi kunabwera a Goodwell, amalume ake a Maness, munthu wofatsa kwambiri. Iwo anafunsa modekha, "Mwana wanga, nena zoona. Unadikira masiku ake kapena sunadikire?" Maness anandiyang'ana. Aphungu, mawu ochepa chabe akanamupulumutsa. Akanangoti, munthuyu sanandikhudzepo chipitireni padera, kanyerayo wamutenga kuti? Koma akanatero mudzi wonse ukanadziwa kuti mwamuna wake anagwa mu mpapaya. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kudikira kuti ndinene ndekha. Ine ndinaweramitsa mutu n'kumatokosa mkeka ndi kamtengo. Ndiye iye anati, "Sindinadikire. Ndinalakwa, mundikhululukire."

Ndinamwa mankhwala a sing'anga aja mpaka kutha, palibe chinasintha. A Ellen anati n'chifukwa choti mkaziyo akadali pakhomo ndipo akundithirirabe mchere m'ndiwo. Nkhani inafika mpaka komwe timachita lendi. Kumjigo azimayi anasiya kumulonjera, ndipo ku gulu la amayi kutchalitchi kwathu anamuuza kuti ayambe wapuma. Iye sanandifunsepo n'kamodzi komwe kuti bwanji munakhala chete. Mu Febuluwale a Goodwell anabwera kudzamutenga, akuti akapume kwawo mpaka mitima itazizira. Asananyamuke anandichapira ndi kundisitira maovolosi anga onse, anawaika pampando, kenako anati, "Muzidya, bambo." Ndinamuperekeza mpaka pa siteji. Tsopano yakwana miyezi isanu.

Mwezi wathawu ndinachita chizungulire kuntchito, abwana ananditumiza kuchipatala m'tauni. Anandiyeza shuga, kachilombo, kuthamanga kwa magazi, zonse zili bwino. Kenako dokotala wina wachizimayi anandifunsa za ndevu ndi za kuchipinda, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinanena zonse, mpaka za matsagwidi aja. Anandiuza kuti ndibwere m'mawa kawiri, masiku osiyana, adzanditenge magazi. Zotsatira zitatuluka anati m'thupi mwanga mwachepa kwambiri tesitositeroni. Anafotokoza kuti imeneyi ndi homoni yachimuna, imapangidwa kumusi kuja, ndipo matsagwidi anaononga malo amene imapangidwirapo. Ndinamufunsa za kanyera. Iye anati, "Bambo, vuto lanuli silinachokere kwa akazi anu." Ndinalira pamaso pake ngati mwana.

Akuti chithandizo chilipo, jakisoni wobwezeretsa homoniyo, wobayitsa pakapita masabata angapo, mwina moyo wanga wonse. Mphamvu zikhoza kubwerera. Koma anandichenjeza kuti jakisoniyo amachepetsa mbewu ya abambo, nthawi zina mpaka kuitha, ndiye ngati tikufuna mwana ndinene asanayambe. Pomaliza anati, "Lolemba mubwere ndi akazi anu, nkhani iyi ndi ya anthu awiri." Ndinangoti chabwino. Manyazi anandigwira kunena kuti mkaziyo kunyumba kulibe.

Mnzanga Ackim, amene amanyamula zitsulo ku jimu, ndi yekhayo amene ndamuuza. Iye akuti ndisavutike ndi mafunso a madokotala, amadziwa munthu wogulitsa majakisoni omwewo. Akuti, "Bayitsa mwakachetechete aise, thupi libwerere, ukawatenge madamu uli mwamuna. Zakale zija ziiwalika zokha." Kunena zoona maganizo amenewa akundikoka. Ndikufuna ndikaonekere ku Lirangwe ndili ndi mphamvu, osati chonchi. Sabata yatha ndinakwera minibasi mpaka pa Lirangwe, ndinamuona patali ali pamsika akugulitsa tomato ndi anyezi. Waonda, Aphungu. Ndinaima kuseri kwa okala ina kwa ola lathunthu, kenako ndinakwera minibasi yobwerera osamulonjera.

Ndichite chiyani? Ndiyambe ndabayitsa kenako ndikamutenge? Nanga za mwana zikhala bwanji? Kodi pali njira yoti abwerere popanda anthu kudziwa za vuto langa? Ndimamukonda, ndipo ndikudzida ndekha.

J.M., Chileka

Bambo J.M.,

Pepani ndi mwana amene munataya, pepaninso ndi matendawa. Ndawerenga kalata yanu kawiri ndipo sindinaonemo munthu amene anakupepesani inu ngati bambo wofedwa, ndiye landirani chipepeso changa. Kudwala si mlandu. Matsagwidi safunsa zaka za munthu, ndipo kuchepa kwa homoni sikukuchotsani pa mndandanda wa amuna. Koma simunandilembere kuti ndikusisiteni pamsana, choncho tiyeni tilankhule.

Ndiyamba ndi funso lanu lomaliza. Njira yoti akazi anu abwerere anthu osadziwa zoona palibe. Ndipo tamverani chimene chidzachitike mukatsata nzeru za a Ackim. Mubayitsa mwakachetechete. Pakatha miyezi ingapo ndevu zimera, mapewa adzaza, muyambanso kusenza masutikesi awiri. Pamenepo a Ellen adzaimba nthungululu n'kumauza aliyense kuti, "Mwaona? Wangochoka mkazi uja, achimwene achira!" Thupi lanu lomwelo lidzakhala mboni yowatsutsa akazi anu, ndipo ngakhale mutadzabwera ndi mapepala khumi a chipatala, palibe adzakumverani. Lero mukadali ofooka pomwe iwo akhala kutali miyezi isanu, osakuthirirani mchere, osakuphikirani. Umenewu ndi umboni woti sanalakwe, ndipo kuchira kwanu kwamseri kudzaufafaniza. Ndiye musanamasule lamba pamaso pa namwino, yambani mwamasula pakamwa.

Pitani ku Lirangwe sabata ino, Lolemba lisanafike. Zobisala kuseri kwa okala zithe, ndinu bambo wamkulu. Imbirani foni a Goodwell muwapemphe kuti mukaonane ndi akazi anu kunyumba, osati pamsika pakati pa ogula tomato. Tengani pepala la kuchipatala, koma dziwani kuti pepala silipepesa. Wopepesa ndinu, ndipo muwauze mwatchutchutchu chimene mukupepesa: kuti anakuyang'anani inu n'kumatokosa mkeka. Mukatero khalani chete mumve. Akalira, asiyeni alire. Akakalipa, mkwiyowo ndi wawo, ausunga nthawi yaitali.

Mukachoka pamenepo itanitsani ankhoswe a mbali zonse, amayi ndi a Ellen, pa mkeka womwe uja. Simukuyenera kufotokozera dera lonse la Kuntaja za kuchipinda kwanu. Mawu ake ndi ochepa: sitinakhale malo amodzi, anavomera pondibisa ine, matenda anga ndi awa. Anthu adzalankhula, sindikubisirani. Ena adzaseka kumbali sabata ziwiri zitatu kenako adzapeza nkhani ina. Akazi anu akhala ali m'kamwa mwa anthu nthawi yonseyi pa mlandu umene sanapalamule, ndiye inunso mukhoza kupirira pang'ono. Amayi ndi a Ellen musakawanyoze. Anaona mukufota, anachita mantha, anagwira chimene amachidziwa. Koma mmene a Ellen anayendera pofalitsa nkhaniyi, ayendenso chimodzimodzi kumjigo ndi kutchalitchi kukabweza mawu awo.

Tsopano za chipatala. Ine si dokotala, koma ndafunsa kwa odziwa, ndipo dokotala wanuyo wakuuzani zoona. Musanayambe jakisoni pemphani kuti ayeze umuna wanu kuti mudziwe ngati mbewu ilimo, chifukwa matsagwidi nawonso amatha kuichepetsa. Ikapezeka, funsani ngati n'kotheka kudikira kaye, kapena ngati pali mankhwala ena osapha mbewu. Ndikuchenjezeretu kuti mankhwala otero sathandiza aliyense, makamaka ngati choonongeka chili kumusi komweko, choncho musapite ndi chiyembekezo chodzaza dengu. Zikapezeka kuti mbewu mulibe, lirani ndithu, n'zowawa. Mukatha kulira landirani jakisoni wanu ndi mtima umodzi, pakuti homoni imeneyi si ya kuchipinda kokha. Mafupa anu, minofu yanu, magazi anu, ngakhale misozi ija yotuluka yokha kutchalitchi, zonsezi zimaidalira. Lolemba likakwana nkhani isanathe, pitani ndithu nokha, muwauze adokotala zoona zonse ndipo mupemphe tsiku lina. Iwo ndi amene angakuuzeni ngati kudikira masabata angapo kuli ndi vuto.

Majakisoni a mnzake wa a Ackim, ayi, ayi ndithu. Simudziwa chimene chili m'botolomo, simudziwa mlingo wake. Mankhwala amenewa amatha kukhuthalitsa magazi ndi kukweza kuthamanga kwake, n'chifukwa chake kuchipatala amakuyezani nthawi ndi nthawi mukayamba. Wogulitsayo sadzakuyezani, ndipo tsiku limene mudzagwe pansi foni yake idzakhala yothima. A Ackim amakufunirani zabwino, koma anyamule zitsulo zawo, za thupi lanu azisiye.

Pomaliza, chenjezo, ndipo ndi lowawa. Akazi anu akhoza kukana kubwerera. Akhoza kukukhululukirani koma osafunanso kukhala pakati pa anthu amene anawaloza chala. Akhoza kumva kuti mwina mwana sadzapezeka n'kupempha nthawi yoganiza. Ufulu umenewo ali nawo, ndipo simudzawakakamiza kudzera mwa ankhoswe. Musapite ku Lirangwe ngati munthu wokagula, kuti ndipepese ndiye anditsatire. Dzina lawo muwabwezere ngakhale atakana, chifukwa ndi lawo, munangolibwereka kuti mufundire manyazi anu.

Mwalemba kuti mukufuna mukaonekere kwa iwo muli ndi mphamvu. Bambo, pa mkeka paja akazi anu sankayang'ana mapewa anu kapena ndevu zanu. Anali atakhala nanu miyezi yonse ija opanda zimenezo, ndipo sanachoke. Ankayang'ana pakamwa panu, ndipo mpaka lero akuyang'anabe pomwepo. Kwerani minibasi mawa m'mawa, mmene mulilimo.

Ndine wanu,
Aphungu