Gitala ya Nangula Yapindika Khosi

Ababa, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Kuno tikudzuka, koma osati kwenikweni. Mvula ikubwerayi ikhala yachitatu chikuikireni m'manda, ndipo ndakhala ndikuzengereza kukulemberani chifukwa nkhani imene ndili nayo si yoithamangira. Ndiyamba ndi zapakhomo, monga munkachitira inu mukafika kuchokera ku ulendo.

Amayi alipo, koma maso awo akunka nachita chidima. Ulusi sathanso kulowetsa pa singano, ndipo munthu akabwera amamuzindikira ndi mawu. Achimwene a Yohane ali ndi mwana wina, wamkazi, anabadwira ku Nambuma nthawi yokolola. Ndi wochepa thupi ndipo akudwaladwala, moti sitinayambe kusangalala naye mokweza. Chimanga chaka chino chatikana. Mvula inadula chikungoyamba kumasula, ndiye chimene tinaika m'nkhokwe sichifika Khirisimasi. Mtedza wa m'munda wa kuchulu uja unatuluka mphwephwa zokhazokha. Fodya ndinasiya kulima. Chigafa chanu chinagwa ndi mphepo, mitengo yake tinasonkhera moto. Amuna anga, bambo a Mphatso, ali ku Kasiya komwe akugwira ntchito yomanga, amabwera mwa apo ndi apo.

Tsopano za gitala yanu ya besi.

Mukukumbukira mmene munkaipukutira Loweruka masana, muli pakhonde, mutaigoneka pamiyendo ngati mwana wodwala? Dzina la kampani yake palibe amene ankatha kulitchula pano pa Nsaru, ndiye tonse tinkangoti ya Nangula, potengera kachithunzi ka nangula kali kumutu kwakeko. Inu munkati pa dziko lapansi besi ndi ya Nangula basi, zina zonsezi ndi zidole. Anzanu akakuonetsani za mitundu ina munkakana ngakhale kuzikhudza. Munkaseka n'kunena kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pamene a Yohane anakana kuphunzira, munandiitana ine, mwana wamkazi, anthu akuseka kuti mtsikana ndi besi wapi na wapi. Munandimangirira lamba pa phewa, gitalayo ikundikokera pansi ndi kulemera kwake, n'kundiuza kuti wa besi ali ngati mzati wa nyumba, anthu saupenya koma ukagwa onse amadziwa. Ndipo masana aja tikukutembenuzani pamphasa, mutatsala masiku awiri, munandigwira pamkono n'kuti, "Nabanda, mapanga awiri avumbwitsa. Usadzaimbe ina." Ine ndinavomera. Ndikanakana bwanji?

Mvula yoyamba mutapita, denga la kuchipinda kwanu linadontha pomwe ndinaikoleka gitalayo. Ndinazindikira mochedwa, chinyezi chitalowa kale m'thabwa. Pofika nthawi yokolola khosi lake linali litapindika ngati uta. Nsambo zinakwera m'mwamba, kutalikira khosi, moti chala chinkatha kulowa pansi pake. Kuti liwu lituluke ndinkachita kudinikiza ndi mphamvu zonse za dzanja lamanzere. Ndikaikunga bwinobwino, kumutu kuno inkaimba zoona, koma ndikangotsetsereka pakati pa khosi inkanama. Ndinapita nayo kwa mmisiri wina wa matabwa ku Namitete. Anayesetsa bamboyo. Pomaliza anandiuza kuti chitsulo cha m'kati mwa khosi, chimene amapotokola powongola, chinadyeka ndi dzimbiri ndipo sichizunguliranso. Anati akakakamiza thabwa lisweka.

Ndinapitiriza kuimba nayo chomwecho mu bandi ya kumpingo kwa chaka chathunthu. Mnzanu wa pamtima uja, a Chimwala a kiyibodi, ndiwo ankatsogolerabe bandiyo, ndipo anandipirira kuposa mmene ndinkayenera. Besi ikanama ankakweza kiyibodi kuti anthu asamve. Koma pa ukwati wina ku Mpingu zinakanika kubisika. Inali nyimbo yolowera akwati, ija imayamba ndi besi yokha. Ndinaiyamba, oimba n'kulowa potsatira ine, kenako kiyibodi italowa zinapezeka kuti aliyense ali pa njira yake. Atsikana operekeza mkwatibwi anaima pakhomo akuyang'anana. Ndinamva mayi wina kumbuyo akufunsa ngati bandi ina inasowa.

Mawa lake m'mawa a Chimwala anafika pakhomo pano pa njinga, atamangirira chinthu pakaliyala. Inali besi ina, yofiira, yokhala ndi kachithunzi ka mphezi kumutu. Anati mwana wina wa mumpingo mwathu amene amagwira ntchito ku Joni anaitumiza ngati mphatso ya bandi, ndipo yakhala kuvesitili miyezi itatu iwo akuopa kundiuza. Anaiika pamphasa patsogolo panga. Ine sindinaikhudze. Ndinawauza za lonjezo langa, ngakhale ankalidziwa kale. Anandiyankha mofatsa kuti, "Nabanda, bambo ako ndaimba nawo iwe usanabadwe. Chimene ankakonda ndi nyimbo, osati chithunzi cha pathabwa. Tayang'ana zala zakozo."

Ababa, zimene ndinayankha ndikuchita nazo manyazi kuzilemba. Ndinawauza munthu wamkulu ngati uja kuti akunama. Ndinati mnzawo sanaume n'komwe m'manda iwo ayamba kale kumusinthanitsa ndi zinthu za ku Joni. Amayi anali pakhonde, anangoti, "Esinati," basi. A Chimwala ananyamula besi ija, n'kuimangiriranso pakaliyala mosamala, mfundo ndi mfundo. Sanakwere njingayo. Anapita akuikankha mpaka anakhota pa mtengo wa mango.

Ndinaganiza zowaonetsa. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri, n'kukwera minibasi kupita m'tauni kukafuna ya Nangula ina. Ndinayenda m'masitolo tsiku lonse ndipo ndinaipezadi, kachithunzi kake komweko, nangula yemweyo. Koma nditainyamula inali yopepuka ngati chipanda. Ataiika pa sipika inkalira ngati chitini. M'sitolomo munali bambo wina wokonza zida zoimbira, ndipo ataona nkhope yanga anandiuza zoona. Anati amene ankapanga za Nangula zenizeni anatseka kalekale, dzina lokha anagulitsa kwa anthu ena, ndipo enawo amangomata utuchi n'kuikapo chithunzi. Anati zakalezo zinalidi zabwino, koma za mitundu ina zabwino ziliponso zambiri, ndipo woimba wanzeru amasankha ndi khutu ndi dzanja lake.

Ndinabwerera chimanjamanja. M'minibasi monse, kudutsa pa Chitedze mpaka kutsika, ndinkangodzifunsa kuti kodi ineyo ndikusungira ndani chikhulupiriro chimenechi. Anthu amene inu munawakhulupirira moyo wanu wonse sanadziwe n'komwe kuti ku Nsaru kuli munthu wotchedwa Banda. Atatopa anagulitsa dzina lawo ngati mmene tigulitsira nkhuku, osatsanzika aliyense.

Pamenepo ndiye ndikanapita kwa a Chimwala kukapepesa. Kwawo si kutali, mukudziwa, kungowoloka dambo. Koma mtima wanga ndi wanu womwe uja, wosabwerera m'mbuyo. Bandi inatenga aphunzitsi a Mvula, a pa sukulu ya pulayimale, kuti aziimba besi yofiirayo. Ine ndinayamba kukhala kumbuyo m'tchalitchi, mapemphero akatha n'kutulukira khomo lina. Kunyumba ndinkatenga yanuyo tsiku ndi tsiku, kuidinikiza mpaka misozi, poganiza kuti dzanja likalimba ndidzaigonjetsa. A Chimwala anatuma akazi awo kawiri, ulendo woyamba ndi mbatata, wachiwiri ndi tomato wa kudimba kwawo. Ndinathokoza, koma sindinapite. Miyezi isanu ndi iwiri inatha osapatsana moni.

M'miyezi imeneyo ndi mmene dzanja linayamba dzanzi. Linayambira ku chala chachikulu ndi chamkombaphala, kenako chapakati. Ndinkagwetsa makapu. Tsiku lina ndinapsa ndi chivundikiro cha poto osamva, ndinangoona chithuza. Kuchipatala anandiuza kuti mtsempha wa pamfundo ya dzanja unapanikizika kwa nthawi yaitali. Anandimanga kathabwa n'kundiletsa kudinikiza chilichonse, ngakhale khasu. Nditafunsa ngati lidzabwerere mwakale, adokotala anati ndikanabwera msanga.

A Chimwala anamwalira mwezi wathawu, Ababa. Mwina mwakumana nawo kale. Anagwa m'dimba m'mawa akuthirira tomato, kheni ili m'manja. Anthu pofika nawo kumsewu anali atapita. Akuti kunali kuthamanga kwa magazi.

Ndinapita kumaliro ndi manyazi, n'kukakhala kumapeto kwa azimayi. Mwambo usanayambe anandiitana kuti ndilowe m'siwa. Mayi Chimwala anali atakhala pafupi ndi bokosi, mawu atawathera. Anandikokera pafupi n'kundiuza kuti amuna awo ankanena kawirikawiri, ngakhale m'miyezi ya kusayankhulana ija, kuti tsiku lawo likadzafika besi adzaimbe ndi Nabanda. Anati sankanena mokwiya. Ankati mwanayo ndi wouma mutu ngati bambo ake, koma dzanja la besi ngati lake kulibe kuno konse mpaka ku Kabudula.

Nditatuluka, aphunzitsi a Mvula anali ataima pafupi ndi masipika, atavula kale lamba wa besi yofiira ija. Anaipereka kwa ine. Ndinamasula kathabwa ka padzanja, n'kuvala gitala ija.

Ndaimba ina, Ababa. Ndi chimene ndalembera kalata ino.

Ndipo sindikunamizani kuti inali yoipa. Paphewa sinkamveka kulemera. Nsambo zake zinali pafupi, kungozikhudza pang'ono liwu n'kutuluka, lakuya, loyera, lomveka m'chifuwa. Tinayamba ndi nyimbo imene inu ndi a Chimwala munkatsekera nayo mapemphero, ndipo nditatsetsereka pakati pa khosi, pamene ndinazolowera kuchita mantha, gitalayo inanena zoona. Mayendedwe onse munandiphunzitsa aja anatuluka monga munkawafunira. Mwinanso kuposa mmene ya Nangula inkawatulutsira ili bwino. Azimayi a mvano amene anali atatopa ndi kulira anadzuka n'kuyamba kuimba. Ine ndinkalira, koma sindikudziwa ngati ndinkalirira a Chimwala, inu, kapena zaka zitatu zimene ndinataya.

Ndinamaliza nyimbo ziwiri. Pakati pa yachitatu zala zinafa. Ndinkaziona zili pansambo koma osazimva, ngati ndi za munthu wina. Ndinakodola aphunzitsi, iwo n'kulandira nyimbo isanathe. Kumanda ndinapita nditagwirizira dzanja pachifuwa, ndipo mpaka lero silinabwerere pamene linali m'mawa wa tsiku limenelo. Kalata ino ndikulemba ndi lamanja, pepala ndalitsamiritsa ndi mwala chifukwa lamanzere silikutha kuligwira.

A Chimwala ankakukometserani ponena kuti munkakonda nyimbo yokha. Ine ndine mwana wanu, ndikudziwa kuti chithunzicho munkachikondanso, ndipo munkanyadira kuti muli ndi chinthu chimene ena alibe. Si tchimo lalikulu limenelo. Koma simunayenera kundimanga nalo pa mphasa ya imfa, Ababa, pamene sindikanatha kukutsutsani. Munalakwitsa. Ndanena. Kulakwa kwinako ndi kwanga ndekha. Inu simunanditume kutukwana munthu wamkulu, ndipo simunanditsekere njira ya kudambo miyezi isanu ndi iwiri.

Ngati kumeneko anthu amaonana, mundipepesereko kwa mnzanuyo. Muwauze kuti ndinaimba, ndipo anali olondola. Muwauze kuti tomato wawo sanafote. Ine ndi Mayi Chimwala tikuthirira, iwo kutunga, ine kunyamula kheni ndi dzanja limodzi.

Gitala yanu ndaichotsa kuchipinda kodontha kuja, ili kwanga, yokutidwa ndi chitenje. Sindidzaigulitsa. Koma mwana wanga aliyense kapena wa a Yohane akadzafuna kuphunzira besi, ndidzamuuza kuti agwire iliyonse imene yamukwana m'manja, ndipo sindidzamulumbiritsa kanthu.

Tsiku lolambula kumanda layandikira, mvula isanagwe. A Chimwala anawaika mapazi ochepa chabe kuchokera pamene mwagona inu. Ndidzabwera ndi tsache, ndipo ndikulonjeza kuti ndidzasesa ponse pawiri. Koma ndidzayambira pa iwo. Musadzakwiye, Ababa, mudzangodikira pang'ono.

Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Esinati Nabanda