Khutu ndi Injini ya Alamu

Lolemba, 3 Juni

Alamu afika m'mawa asananyamuke ndi chithiraki chawo, atafungatira kabokosi ngati muli khanda. Mkati muli injini yatsopano ya kagalimoto kawo kamasewera koyendetsa ndi limoti, ya mafuta a naitulo, yoti sinalirepo chibadwire. Akuti chaka chonse akhala akuilota. Lamlungu kuli mpikisano pabwalo la kuseri kwa fakitale yotsekedwa ija, ndiye akufuna akamabwera Loweruka adzaipeze itazolowera, itachunidwa kale.

"Alamu, ndakusiyirani mwana. Musamuthamangitse," atero.

Amafuna kundisiyiranso kamfuti kawo koyezera kutentha. Ndaseka mpaka kukhala pansi. Ine amene anzathu a timagalimoto anandipatsa dzina loti Khutu? Ine ndimamva udzudzu ukutsokomola kuchipinda kwa aneba. Injini ikangoyasamula ndimadziwa chomwe yadya. Ndawauza kuti kamfutiko azikayezera tiyi panjira.

Mlongo wawo, mayi a kunyumba kuno, anena kenakake ali kukhitchini. Masiku ano mayi amenewa amayankhulira m'mimba. Ndangoti "eya." Madzulo ndauzidwa kuti ndavomera kupenta bafa.

Lachiwiri, 4 Juni

Kushopu tsiku lonse kudula zitsulo ndi kuwotcherera geti la adokotala. Geti loti njovu itaona ingobwerera.

Nditaweruka, injini. Yatsopano imakhala yothina, pisitoni ikafika pamwamba imaluma. Ukaikakamiza ili yozizira waipweteka. Ndiye ndabwereka chowumitsira tsitsi cha mayi (sanadziwe kuti andibwereka), ndaifunditsa mutu mpaka wathuma. Kagalimoto pa njerwa, matayala m'malere, moto pa pulagi, koka chingwe. Koka. Koka. Chala chatuluka thuza lalikulu ngati dzira. Kenako yadzuka.

Singano yochunira mafuta olowa mu injini ndaitsegula kwambiri. Lamulo lake ndi lomwelo: mwana wakhanda azikhuta, asamagwire ntchito. Utsi wabuluu bwalo lonse, oilo kuthalauza, nkhuku za aneba zasamuka osatsanzika. Thanki itatha ndatsitsa pisitoni pansi kuti izizire bwino, ndakhala pampando kuilondera.

Chimodzi ndaona: injini za masiku ano n'zaulemu. Zakale zija zinkang'amba makutu, iyi ikulira motsitsa ngati mpongozi. Komabe aneba asuzumira pampanda, manja ali kumakutu, kukamwa kukuyenda. Anthu ena kukokomeza.

Lachitatu, 5 Juni

Mwana wathu wa kukoleji waimba foni. Foni yanga yawonongeka, mawu ake amamveka ngati ali m'chitsime. Nditaisinthira kumanja yachira yokha. Mafoni a masiku ano ali ndi tsankho.

Kagalimoto katsika panjerwa. Kuyenda pang'onopang'ono pabwalo, kuzungulira chidebe ndi mtengo wa mandimu, liwiro la maliro. Chala chikuyabwa pa limoti kuti ndikoke chonse, koma ndadzigwira. Ndadontheza malovu pamutu pa injini, akhala kaye pang'ono kenako n'kuuma. Ndiye kuti kutentha kuli bwino. Kamfuti ka chiyani, Mulungu anatipatsa malovu aulere.

Lachinayi, 6 Juni

Wabwera Lumo, wometa wa pakona uja, amene kagalimoto kake kamathamanga ngati kakufuna ntchito. Akuti amangodutsa. Wodutsa amakhala pampando n'kuvula nsapato? Wabwera kudzazonda.

"Akulu, dzulo ndakuitanani pamsewu mpaka pakhosi pauma, inu osacheuka. Mwayamba kunyada ndi injini ya eni?"

Ndamuuza kuti munthu wamkulu saitanidwa pamsewu, amamulembera kalata.

Ndatseka singano pang'ono, ngati kusuntha muvi wa wotchi kuchoka pa ola lina kufika pa linzake. Kenako ndamuonetsa Lumo ukadaulo. Ukatsina kapaipi ka mafuta, injini yochunidwa bwino imayamba yakweza mawu kaye, kenako n'kuzima. Ndatsina. Yangozima, osakweza.

Mayi amachokera kukwaya, ali pakhomo akuvula nsapato. "Inakweza," atero.

Ndati siinakweze.

"Inakweza, bambo. Ndipo lero ikuimba pamwamba kuposa dzulo."

Lumo wayang'ana pansi, ngati waona ndalama. Ndawauza mayi kuti akachune ma alito awo kutchalitchi, injini aisiyire eni ake. Angotenga chowumitsira chawo pawindo, achinunkhiza, andiyang'ana.

Lachisanu, 7 Juni

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Masana tinapita ndi mayi kukagula penti ya bafa lija. Ine kagalimoto m'chikwama, poti bwalo la fakitale lili panjira ndipo injini inafika poti itambasule miyendo. Mayi anati bola ndisachedwe. Anakhala pachitini cha penti kumanzere kwanga, ine chiimire ndi limoti.

Kunali mphepo, utsi umangobalalika, osaoneka bwino. Sindinadandaule. Utsi ndi wa ophunzira, ine ndimayendera khutu. Ndinakoka pang'ono, kubweza, kukokanso. Kagalimoto kanapita mpaka kumpanda wa uko, kakuwala padzuwa. Kanthu kokongola. Kanayamba kuthamanga kuposa mmene ndimakokera, ine mumtima n'kumati waona, Khutu wagwira ntchito. Kulira kwake ndimakumva patalipatali, kosalala, kopanda vuto.

Ndinangozindikira dzanja la mayi lagwira langa, kuchotsa chala pa limoti. Chitini chagwa, chikugudubuzika. Nkhope yawo ili pafupi ndi yanga, mitsempha ya pakhosi itatuluka.

"Ikupsa. Ikulira ngati mwana wotsinidwa."

Kagalimoto kanayenda pang'ono n'kuima kokha.

Ndinathamanga. Fungo ndinalimva ndisanafike. Kapaipi kochokera ku ekizozi, kamene kamakankha mafuta mu thanki, kanali katavuka, kakulendewera. Ndiye kuti mafuta amafika ochepa, injini imathamanga ndi ludzu, yopanda oilo wokwanira. Injini ikatero imakuwa mawu opyapyala oti ngakhale wogontha amadzuka. Ndi mawu amene ine ndakhala ndikuphunzitsa anthu zaka zonsezi.

Ndinadontheza malovu pamutu pake. Anadumpha n'kusowa nthawi yomweyo. Ndinawaona akudumpha. Kuti tsss sindinamve.

Ndinadonthezanso, khutu pafupi. Zii.

Mayi anafika atanyamula chitini. Anati anandiitana mpaka mlonda wa pageti anaimirira.

Pobwerera ine ndimangoganiza nkhope ya alamu Lolemba lija, ndi kabokosi kawo. Titatuluka pageti, mayi anazungulira kumbuyo kwanga n'kubwera kumanja. Anachita mosaganiza, ngati mmene munthu amalambalalira chithaphwi. Ndipo ndinakumbuka kuti amatero nthawi zonse. Popita kutchalitchi. Pamsika. Sindikudziwa anayamba liti.

Loweruka, 8 Juni

M'mawa ndisanasambe ndapita pa injini. Yazizira. Ndazungulitsa ndi chala, mtima uli m'mwamba. Pisitoni yakwera, yakwera, yaluma pamwamba. Ndabwerezanso. Ikuluma ndithu. Ikanangozungulira lobodo, bwenzi lero ndikufuna dziko lina lokakhala. Pulagi yokha ndi imene yapsa, ndaika ina. Kapaipi ndakamanga ndi kawaya, kolimba koti kadzavuka tsiku la chiweruzo.

Kenako ndadzitsekera m'bafa losapentalo. Ndatikita zala pafupi ndi khutu lamanja: kaphokoso pang'ono, ngati kali kuseri kwa chitseko. Lamanzere: palibe munthu.

Pa tiyi ndawafunsa mayi kuti anadziwa liti.

"Nditasintha mpando patebulo pano, inu mumati ndikuthawa dzuwa?"

Ndati bwanji osandiuza.

"Ndinakuuzani kangapo. Mumati eya."

Ndaseka, ndakankhira kapu pambali. Akuti zotchingira phokoso m'makutu zimene anandigulira kale zija zikadali m'pepala lake, m'thumba la ovolosi. Akuti kuchipatala amayeza makutu Lachiwiri. Ndati ndiona. Akuti ayi, sindiona, ndimva.

Masana tinabwereranso kufakitale, awiri. Thanki imodzi yofatsa, mafuta ambiri, kupepesa injini. Kenako ndinawafotokozera mayi: ikamalira ngati munthu wosukusula pakhosi, yakhuta kwambiri, titseke. Ikamapyapyala, ili ndi ludzu, titsegule msanga. Tikufuna pakati, koma mopendekera kokhuta. Anati ndiye zosavuta, n'chimodzimodzi atsikana a sopulano.

Alamu afika dzuwa likulowa, fumbi mpaka m'nsidze, moni wa patali, maso ali pa kagalimoto. Ndawauza zonse, za kapaipi, za malovu, za mlongo wawo. Sindinawonjezere kanthu, koyamba m'moyo wanga. Atenga kagalimoto, azungulitsa injini ndi chala, kawiri, katatu.

"Ikuluma," atero. Kenako anena zina akuyang'ana kumbali.

Mayi awagwira phewa. "Achimwene, muziwayang'ana mukamayankhula."

Alamu atembenuka. "Ndimati, alamu, kamfuti kaja kadakalipo."

Ndakalandira. Ndati n'koyezera tiyi.

Lamlungu, 9 Juni

Bwalo lodzaza, utsi, fungo la naitulo loti ukapuma kawiri umayetsemula zaka zisanu. Lumo ali pamenepo ndi kagalimoto kake kofuna ntchito.

Mpikisano usanayambe alamu andipatsa kasikuludiraiva pamaso pa onse. "Khutu, malizani."

Anyamata azungulira monga mwa masiku onse, kudikira kuti nditseke maso, ndipendeketse mutu, ndichite zanga zija. Ine ndakodola mayi. Abwera ndi diresi la kutchalitchi, chikwama pamkono, aima kumanja kwanga.

Lumo: "Akulu, lero mwabwera ndi womasulira?"

Ndamuuza kuti khutu langa lakula kwambiri, mutu unachepa, ndiye linamera miyendo n'kuvala diresi. Aseka onse. Lumo waseka pang'ono, kenako wawapatsa mayi mpando wake. Akana, akuti akakhala samva bwino.

Alamu athamangitsa kagalimoto mpaka kumpanda n'kubwera. Ine maso pa dzanja la mayi. Chala pansi: yakhuta. Ndatseka pang'ono. Ulendo wina. Chala pansi, koma monyinyirika. Ndasuntha kachidutswa, ngati kukhudza chabe. Ulendo wina. Utsi woonda wabuluu ukutsata m'mbuyo, umenewo ndauona ndekha. Mayi atseka maso, apendeketsa mutu. Sindinawaphunzitse zimenezo. Atambasula dzanja.

"Pamenepo. Musakhudzenso."

Kamfuti kavomereza. Malovu nawonso, poti sindingawataye anzanga akale.

Alamu amaliza achitatu, akanakhala oyamba akanapanda kukhota ngati akuyendetsa chithiraki. Injini yabwera yamoyo, ikuluma bwinobwino. Lumo wachinayi. Ndamuuza kuti kagalimoto kake ndakapezera ntchito ya ulonda.

Pobwerera ine ndanyamula bokosi la zida kumanja, ndiye mayi anatsalira kumanzere. Ndaona pakona pa diso kukamwa kwawo kukuyenda. "Eya" anali atafika kale pamilomo. Ndamumeza. Ndaima, ndasinthira bokosi dzanja lina.

"Tabwerani mbali ino, munenenso."

Azungulira. Andigwira pamkono, ayandikira.

"Ndimati bafa lija silinapentedwe."

Ndamva bwinobwino. Mwatsoka.