Tsiku Limodzi Lokha pa Ndege

Lolemba, pa 12 mwezi wa Jeth

Tulasa, mkazi wanga, watisiya m'mawa uno. Tiyi wake akadali m'kapu. Wamutseka maso ndi Yashoda, mwana wathu wamkazi, yemwe wakhala akumusambitsa chidwalire.

Ndamuimbira Hemraj ku Toronto. Kulira pa foni, kenako: "Bambo, musayatse, ndikubwera."

Sindiyatsa. Moto wotentha mtembo wa mayi amayatsa ndi mwana wamwamuna, ndipo ine ndili naye mmodzi. Munda wa kumtsinje ndinagulitsira iyeyo. Ponyamuka anandigwira mapazi, amvekere: "Ndi tsiku limodzi lokha pa ndege." Tsiku limodzilo latha zaka zisanu ndi ziwiri.

Lachiwiri, 13 Jeth

Kutentha ngati m'ng'anjo. Maliro sagonera pakhomo, ife tagona nawo. Madzi oundana oziziritsira mtembo takagula kwa wogulitsa nyama. Tulasa, amene nyama sanailawepo moyo wake wonse.

Abale saphika mtembo usanachoke. Alamu anga a Khadka akuti: "Alamu, mukufuna tikatenthe awiri? Inetu njala yanditha."

Aphunzitsi a m'mudzi muno andionetsa pa foni yawo. Kuchoka ku Toronto kufika ku Kathmandu, makilomita pafupifupi zikwi khumi ndi ziwiri. Ine sukulu ndinalekezera panjira. Ndawafunsa kuti wapansi ndi masiku angati. Aseka, kenako manyazi. Akuti Hemraj atsikira ku Doha, adikire ndege ina. Akatero basi ya kuno ku Baglung, tsiku lathunthu. Ndiye tsiku limodzi lija linali liti?

Lachitatu, 14 Jeth

Madzi aja asungunuka. Ntchentche. Yashoda akufukiza lubani, akukupiza, maso ali psuu. Sadandaula. Wangoti: "Bambo, amayi ankadana ndi fungo m'nyumba."

Hemraj waimba ali ku Doha. Ndege yachiwiri yamusiya, afika Lachisanu. "Dikirani pang'ono, bambo." Pang'ono. Mawu ake omwe aja.

Wansembe walamula: mawa dzuwa lisanafike pamutu, apo ayi tikafune wina. Akuti ayatse Bishnu, mwana wa mng'ono wanga. Bishnu amene sanapondepo pano kudzazonda matenda.

Lachisanu, 16 Jeth

Dzulo sindinalembe.

Dzulolo tinatsikira naye Tulasa kumtsinje wa Kali Gandaki. Nkhuni zitayalidwa, wansembe anatambasulira Bishnu muuni. Ndinautsomphola n'kuupatsa Yashoda. A Khadka anakuwa: "Mwapenga, alamu? Mwana wamkazi?" Amuna ena anatembenuka n'kukwera mtunda. Akwere. Yashoda anaulandira. Anazungulira mayi ake, nayatsa. Phulusa linapita ndi madzi.

Lero masana Hemraj wafika. Woonda, fumbi la basi thupi lonse. Mutu mpala. Akuti anametetsa monga mwa mwambo wa maliro atangotsika ndege, kuti pofika kuno asachedwetsenso mayi ake. Nsalu yoyera ya maliro ili kale m'manja.

Wagwada, wandigwira mapazi: "Bambo, amayi mwawagoneka kuti?"

Ndamulozera kumtsinje.

Mawu omulalatira ndinawasunga zaka zonsezi, ndinkawabwereza ndikamadyetsa njati yathu yoweta. Lero ndangoyang'ana mpala uja. Wometa anamucheka kuseri kwa khutu, magazi aumira pomwepo. Ndamufunsa ngati wamwa madzi.

Pano ali pakhonde ndi mlongo wake. Akumufunsa mmene moto unayakira, Yashoda akumufotokozera pang'onopang'ono. Ine kutuluka ndikufuna, koma ndikadali m'nyumba, ndikumvetsera.