Mpango Woyera wa Hajira

Okondedwa achimwene a Wahabu,

Salaam aleikum. Mwadzuka bwanji ku Joniko, inu ndi alamu anga? Kuno ku Thuchila matupi ali bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Nkhani ndi ya mwana wanga Hajira. Chikulireni anayamba kuvala mpango, monga mwambo wathu. Ahedi atsopano anamubweza pachipata chifukwa cha mpangowo, akuti sukuluyo ndi ya mpingo. Chonsecho ali Sitandade 8 ndipo mayeso ayandikira.

Ndinapita kukadandaula. Ndinati aphunzitsi amawalipira ndi boma, mayeso ndi a boma, nanga mwana walakwanji? Anandiyankha mofatsa kuti bomalo linamangidwa pa Chikhristu, kuti amishoni ndi amene anayala maziko a dziko lino, ife tinangolandiridwa. Kulandiridwa, achimwene! Manda a agogo athu ali kuseri kwa sukulu yomweyo. Koma ine sukulu sindinapite nayo patali, ndinangobwerera kunyumba.

Mai Rosie, anansi anga aja timagawana mchere, anandimvera chisoni. Anati amayi a Mvano amalowa m'tchalitchi momwe atavala duku loyera, palibe amawabweza. Anandibwereka lawo, anamumanga Hajira mmene amamangira iwo, mfundo kumbuyo. Tinaseka, tikuti tapeza nzeru.

Inali nzeru ya anthu awiri osadziwa kanthu. Ahedi anati tikunyoza yunifomu ya mpingo, anamubwezanso. Pobwerera anadutsa pamsika ndi duku lomwelo, ndipo pofika madzulo mbiri inali itafika kumzikiti kuti Binti watembenuza mwana. Mai Rosie nawo anaitanidwa ndi akuluakulu a kumpingo kwawo. Pano tikakumana pamjigo timangopatsana moni wa m'maso.

Mwanayo amangokhala pakhonde ndi mabuku ake, akuwerenga yekha. Ndikamuona ndimalowa m'nyumba kukalira.

Bambo ake, a Mahamadi, manyazi awagwira. Akuti sukulu yatichititsa chipongwe chokwana. Pali mwamuna wina wosintha ndalama ku Muloza amene watumiza mawu ofuna banja ndi Hajira, ndipo iwo ayamba kutchera khutu. Ndalankhula mpaka pakamwa kuuma. Mwana wa zaka khumi ndi zinayi, achimwene.

Inu munaphunzira, ndiuzeni zoona. Kodi bomali ndi la Akhristu okha? Ngati ndi choncho ndikhale pansi, ndisavutikenso. Ngati ndi la tonse, nditchulireni khomo loti ndikagogode, chifukwa ine makomo amene ndimawadziwa atha.

Ndinu mwini mbumba, mawu anu a Mahamadi sangawalumphe. Imbani pa foni ya a Ashraf kugolosale. A ku Muloza akubwera Lachisanu anthu akatuluka ku mapemphero a Juma, ndipo a Mahamadi andiuza kale kuti ndisese pabwalo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Allah akusungeni kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Binti