Mbuzi Anazinga a Jafali

Lachinayi, ku Thambani. Kwazizira tsiku lonse, koma mtima wakhazikikako.

Dzulo tinawaika m'manda amuna anga, bambo a Chisomo. Ndinkaganiza kuti ku Blantyre kuchokera anthu ochepa chabe. Inafika lole yodzaza ndi aneba athu a ku Ndirande: a Nyagondwe a ku Rumphi, a Jafali a ku Mangochi, amayi Achisena ogulitsa nsomba aja, ngakhale Mburundi wa pagolosale, amene Chichewa chake chimaseketsa ana.

Nthawi yokonza chakudya, anyamata a m'mudzi anali atagwetsa kale mbuzi, mpeni uli m'manja. A Nyagondwe anawaimitsa. "Dikirani kaye, achimwene. Mukaipha nokha, Asilamu tabwera nawowa adya chiyani? Apatseni a Jafali azinge." Ife eni maliro sitinaziganizeko n'komwe. A Jafali anazinga, ndipo tonse tinadya.

M'mawa uno amalume anga anandiitana. "Mphwanga, usabwererenso kutauni. Anthu aliko ambirimbiri, koma aliyense ndi mtundu wake. Mayi wamasiye alibe womuyang'ana kumeneko."

Ndinawafunsa mwaulemu, "Amalume, mu lole ija munaonamo wachibale wathu ndani?"



Ndawerenga mabuku ambiri onena kuti mzinda umameza munthu. Mwina mizinda ina. Ine tikangometa ndibwerera ndi Chisomo, akapitirize sukulu. Anthu akumeneko sindikuwaopa ayi. Chimene ndikuopa n'kutsegula chitseko, n'kupeza jekete la bambo ake likadali pamsomali, ndiye…